Mpunga wa Khirisimasi ukamakuchititsani manyazi chaka ndi chaka

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene mpunga si nkhani. Timaudya m'mawa ngati phala, masana ndi chambo kapena usipa, ndipo mtsikana wa zaka khumi amakhala akudziwa kale kuuphika. Ndiye Khirisimasi yoyamba nditakwatiwa, titapita kwawo kwa bambo a kunyumba kumapiri a ku Dedza, apongozi atanena kuti "mpunga tiwasiyire akunyanjawa," ndinangomwetulira. Anandipatsa makilogalamu asanu a Kilombero, sefuliya yobwereka ndi nkhuni zimene zinagona pamvula. Anthu akutuluka m'tchalitchi ndinavundukula. Pamwamba mpunga unali gwa ngati sunaone moto, pakati linali phala, pansi nkhoko yakuda bii, ndipo fungo la kupserera linali litalowerera paliponse. Apongozi analawa n'kunena kuti, "Ayi zikomo mayi, mwayesetsa." Amene anakhalapo mtengwa akudziwa kuti mawu amenewo amapweteka kuposa kukalipiridwa.

Kuyambira pamenepo ndaphika Khirisimasi ndi Nyuwere zambiri, ndipo ndaona anthu odziwa kuphika bwinobwino akugwa m'mbuna yomweyo. Sikuti tsikuli luso limathawa. Chimene chimachitika n'chakuti mukuphikira anthu makumi atatu ndi muyezo wa anthu asanu, mumphika umene simunauzolowere, pamoto wa nkhuni za mu Disembala, maso ali kumsewu kuona ngati alendo afika. Mukakonza zimenezi, maphikidwe anu a masiku onse aja amakwanira.

Madzi: pamene ambiri amalakwira

Tonse tinaphunzira kuti kapu imodzi ya mpunga imafuna makapu awiri a madzi. N'zoona mukamaphika makapu awiri kapena atatu mukapoto ka pakhomo. Koma madzi amenewo sikuti onse amalowa mumpunga ayi. Ena amatuluka ngati nthunzi, ndipo nthunzi yotulukayo imadalira kukula kwa kamwa la mphika ndi nthawi imene wakhala pamoto, osati kuchuluka kwa mpunga. Mukachulukitsa mpunga kakhumi, nthunzi sichuluka kakhumi. Choncho mukathira makapu 50 a madzi pa makapu 25 a mpunga, madzi ambiri amasowa kolowera, amangokhala pakati n'kusandutsa mpunga phala. Ndi zimene ndinachita ku Dedza.

Mumphika waukulu, kapu imodzi ya mpunga ipite ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi. Ngati munaunyika kaye, chepetsaninso pang'ono. Makilogalamu asanu a mpunga wouma amadzaza pafupifupi malita asanu ndi limodzi, ndiye madzi ake akhale malita asanu ndi anayi, osapitirira. Yezerani mpunga ndi madzi chiwiya chimodzi chomwecho, kaya ndi kapu, jagi kapena kachigoba ka mafuta. Za kuyeza ndi maso zisiyeni tsiku limeneli. Kuchepa kwa madzi kuli ndi mankhwala ake, chifukwa mutha kuwaza ena pamwamba, koma akachuluka palibe wowatulutsa.

Kenako mphikawo. Mpunga ukapsa umafufuma pafupifupi katatu, kutanthauza kuti makilogalamu asanu aja amafuna malo a malita 17 kapena 18, osawerengera mpata woti nthunzi izungulire. Sefuliya ya malita 20 yachepa kale. Ndipo ngakhale mutapeza yaikulu, mpunga ukaunjikana kwambiri wapansi umapsinjika n'kumatana pamene wapamwamba usanapse. Langizo langa, limene anthu ambiri amalikana poyamba, n'lakuti gawani pawiri. Miphika iwiri ya makilogalamu awiri ndi theka imapsa msanga ndiponso mofanana kuposa chimphika chimodzi, ndipo wina ukalakwika muli ndi pothawira. Sankhani mphika wotambalala, wa pansi pochindikala. Masefuliya opepuka aja, oti ukagogoda amalira ngati chitini, ndiwo amapsereza.

Mpungawo ndi wotani?

Kilombero weniweni, wochokera ku Karonga, ku Nkhotakota kapena kuchigwa cha Chilwa, amamveka fungo asanaphikidwe n'komwe. Tengani pang'ono m'dzanja, uzirani mpweya wa m'kamwa, nunkhizani. Nyengo ya zikondwerero mpunga umayenda malonda, ndipo pamsika mutha kugula thumba lolembedwa Kilombero koma muli mitundu iwiri kapena itatu yosakaniza, mwina ndi Faya kapena Pusa. Mitundu imeneyi payokha ilibe vuto, koma siipsa nthawi imodzi, ndiye mumapeza njere zina zafewa zina zikadali zolimba. Yang'anani ngati njere zili zofanana kutalika ndi maonekedwe. Pewaninso woswekasweka kwambiri, chifukwa tizidutswato timasungunuka msanga n'kumata mpunga wonse. Ngati ndi umene mwapeza, usefeni, tizidutswato musungire phala la ana.

Mpunga wambiri kwathu kuno umakololedwa cha m'ma Meyi mpaka Julayi, choncho wa mu Disembala umakhala utauma bwino ndipo suvuta ngati watsopano, umene umafuna madzi ochepa ndiponso umakonda kumatana. Komabe thumba lililonse lili ndi khalidwe lake. Pa 23 Disembala phikani kapu imodzi ya mpunga womwewo kuti muone mmene ukumwera madzi. Ndi kapu imodzi yokha, ana adya.

Kupeta ndi kusankha miyala chitani madzulo a pa 24, kukadali kowala. Palibe chochititsa manyazi ngati kumva "khwee" m'kamwa mwa amalume patebulo. Tsiku lophikalo tsukani katatu kapena kanayi mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, nyikani mphindi makumi awiri, kenako tsanulani madzi onse mpunga ukhale m'lichero loyera kuti ukhe.

Moto

Yambani ndi madzi. Awire kaye mpaka kubwata, muli kale mchere ndi mafuta. Ine ndimaika supuni yaikulu imodzi ya mchere ndi masupuni awiri kapena atatu a mafuta pa kilogalamu iliyonse, ndipo ndimalawa madziwo mpunga usanalowe. Azimveka mchere pang'ono kuposa mmene mungafunire, chifukwa mpunga umeza. Thirani mpunga, takasani kamodzi kokha ndi mthiko kuti usakhale pansi, basi. Mpunga si nsima. Kuuvundula kawirikawiri kumauswa.

Moto ukhale waukulu mpaka madzi atatsika kufika pa msinkhu wa mpunga ndipo pamwamba payamba kuoneka timaenje totuluka thovu. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chotsani zikuni zonse pamafuwa, patsale makala ochepa okha. Ngati ndi pambaula, phulani mphika, chotsani makala ambiri, otsalawo muwaphimbe ndi kaphulusa. Makala mwachotsawo muwaike pamwamba pa chivundikiro. Kutentha kukachokera pansi ndi pamwamba, mpunga wapamwamba umapsa limodzi ndi wapansi, ndipo pansi sipapserera. Agogo athu ankachita zimenezi kalekale, ife a masitovu ndi amene tinaiwala.

Chivundikiro chitseke kwambiri. Chikakhala chokhota, yalani tsamba la nthochi lotsuka, lowaula pang'ono pamoto kuti lifewe, pamwamba pa mpunga musanavundikire. Ndikudziwa kuti m'makomo ambiri timaika jumbo. Ine ndinasiya. Pulasitiki ikatentha imafewa, imasiya kafungo, ndipo sinapangidwire kuphikira. Nthochi zili paliponse nyengo ino, masamba ake ndi aulere.

Mukavundikira, mphindi 20 musatsegule. Alamu akabwera kudzafunsa ngati zapsa, auzeni adikire. Kutsegula kulikonse kumathawitsa nthunzi imene ikuphika mpunga wapamwamba. Zikatha mphindizo phulani, usiyeni mphindi khumi zina uli chivundikirire, kenako muumasule ndi foloko kapena chipande kuchokera m'mbali.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa chaka chija: kumalo okwera madzi amawira asanatenthe kwambiri. Ku Dedza boma, kumene kuli pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amabwata pa madigiri 95 kapena kucheperapo pang'ono, pamene ku Nsanje amafika pafupi ndi 100. Kusiyanaku kumaoneka kochepa koma mpunga, nyemba ndi nyama zimakumva. Mukachoka kunyanja kapena kuchigwa kukaphika ku Dedza, ku Ntcheu kumtunda kapena ku Mzuzu, onjezani mphindi zisanu ndi kamadzi pang'ono.

Za nkhuni, lowetsani m'khitchini sabata yathunthu tsiku lisanafike. Nkhuni zonyowa zimafuka m'malo moyaka, moto wake umakwera n'kutsika, ndipo utsi umalowa m'chakudya. Mvula ikakuthamangitsirani m'nyumba ndi mbaula, tsegulani mazenera ndi chitseko. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu m'nyumba yotseka. Mutu ukayamba kuwawa kapena kuchita chizungulire, tulukani nonse msanga. A m'tauni odalira sitovu yamagetsi, khalani ndi makala pambali. Magetsi akazima mpunga uli pakati, musautsegule, ingousamutsirani pamakala ochepa uli chivundikirire.

Zikalakwika kale

Wapamwamba ukakhala wosapsa madzi atatha, musathire madzi ozizira ndipo musatakase. Boolani timaenje ndi mpini wa mthiko, wazani madzi otentha, kapu imodzi pa makilogalamu awiri, vundikirani, makala pamwamba, mphindi khumi. Nthawi zambiri umatheka.

Ukachuluka madzi koma njere zikadaoneka, vundukulani, tsanulani madzi amene angatsanulike, bwezerani pamoto wochepa osavundikira kwa mphindi zochepa, kenako uyaleni m'mathireyi kapena m'malichero oyera kuti nthunzi ituluke. Ukasanduka phala lenileni, vomerezani. Thirani mkaka ndi shuga, ana amwe nthawi yomweyo, inu terekani madzi a nsima. Nsima ya ufa woyera ndi nkhuku siinanyozetsepo munthu, ndipo akuluakulu ambiri amakhala akuifuna kale mumtima, kungoti akuopa kunena pa Khirisimasi.

Mukamva fungo la kupserera, phulani nthawi yomweyo, ikani mphika pansi ponyowa kapena m'beseni la madzi ozizira kuti pansi pasiye kupsa. Pakulani wapamwamba mosamala kuika mumphika wina, chipande chisakhudze nkhoko. Ena amaika chidutswa cha buledi pamwamba n'kuvundikira kuti chikoke fungo. Chimathandiza ngati fungolo ndi lapatali, koma likalowerera palibe buledi angalichotse. Zikatero ndimakazinga anyezi wambiri ndi ufa wa kale (curry) pang'ono m'mafuta n'kusakaniza ndi mpungawo, fungo la anyezi limaphimba zambiri.

Ukawawa mchere, phikani wina wopanda mchere musakanize. Njira ina palibe.

Ngati zonsezi zikukuopsani, pali njira ina imene siifuna muyezo. Wiritsani madzi ambiri ngati mukuphika makaroni, thirani mchere ndi mpunga, ubwate osavundikira mphindi zisanu ndi zitatu mpaka khumi. Tengani njere muifinye ndi zala: ikafewa kunja koma pakati pakadali kadontho kolimba, tsanulani madzi onse. Bwezerani mumphika wopaka mafuta, vundikirani kwambiri, makala ochepa pansi ndi pamwamba, mphindi 15. Kafungo ka Kilombero kamachepako chifukwa kena kamapita ndi madzi, n'chifukwa chake anthu a kwathu amainyoza njirayi. Koma pa chinkhoswe kapena paphwando la anthu ambiri, imapulumutsa.

Nkhuku yolimba ngati tayala

Vuto lachiwiri la chaka ndi chaka ndi nkhuku ya chikuda imene yakana kupsa. Chifukwa chake chimayambira pamsika. Chitopa chimakonda kusesa nkhuku m'miyezi yotentha mvula isanagwe, ndiye pofika Disembala nkhuku zimachepa, mtengo umakwera, ndipo zimene zimabwera pamsika zambiri ndi atambala akuluakulu ndi mathadzi otopa kuikira. Tambala wa lipombo lalikulu amaoneka bwino pomunyamula, koma wayenda mudzi wonse zaka ziwiri kapena zitatu ndipo mnofu wake ndi mitsempha yokhayokha. Mukafuna yofewa msanga sankhani msoti kapena tambala wamng'ono amene wangoyamba kulira. Gwirani nsonga ya fupa la pachifuwa: ikamapindika, nkhukuyo ndi yanthete.

Koma tambala wamkuluyo ndiye wa msuzi wokoma, ingomupatsani nthawi yake. Cholakwa chachikulu ndi kumuyamba ndi mafuta, ngati nkhuku yoyera ya m'firiji. Yoyera ija imazingidwa ili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri okha, ndiye mphindi 30 zimaikwanira. Ya chikuda mukaikazinga yaiwisi imauma n'kukungika. Yambani ndi madzi. Ikani nthuli mumphika, madzi angofika pamwamba pa nyama, mchere, anyezi mmodzi, ndipo ikangowira chepetsani moto kuti izingobwata pang'onopang'ono ili yovundikira. Moto waukulu sufewetsa nyama msanga, umangomaliza madzi. Msoti umafuna ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, tambala wamkulu maola awiri mpaka atatu. Madzi akachepa onjezani otentha. Yesani ndi foloko pa ntchafu, osati pa chidale. Ikalowa mosavuta, pamenepo ndiye tsanulirani msuzi m'mbale ina, kazingani nyamayo m'mafuta ochepa mpaka ifiire, thirani anyezi, tomato, kenako bwezerani msuzi uja.

Nthawi yozinga imathandizanso. Nkhuku ikangofa mnofu wake umayamba kuuma pakangopita kanthawi, ndipo umadzamasuka patapita maola angapo. Amene muli ndi firiji yodalirika, zingani pa 24 madzulo, sosolani, tumbulani, igone m'firiji. Opanda firiji musayerekeze kugoneka nyama yaiwisi ndi kutentha kwa mu Disembala. Zingani mbandakucha n'kutereka nthawi yomweyo, ndipo wina atsale pakhomo kuyang'anira moto ena akapita kutchalitchi. Kwathu timasinthana, wotsala pa Khirisimasi amapita pa Nyuwere.

Nthawi ikakutherani nyama ikadali gwa, thyolani papaya wamuwisi, sendani, dulani tizidutswa tiwiri kapena titatu. Utomoni wake uli ndi mphamvu yofewetsa mnofu. Amagwira bwino mukapaka nyama isanapite pamoto n'kuisiya theka la ola, koma ngakhale mumphika amathandizako. Musachulutse, nyama imasanduka yonyenyeka ndipo msuzi umawawira. Soda ndiye ayi, amaononga kukoma konse.

Potumbula samalani ndulu. Ikaphulika, dulani pamene yakhudzapo n'kutsuka msanga, apo ayi mphika wonse uwawa. Ndipo nthutumba musaiiwale kapena kulola ana aitole mumphika. M'makomo ambiri mlendo wolemekezeka kapena bambo akaisowa m'mbale amadziwa kuti nkhukuyo siinali yawo. Ine ndimaichotsa ikangopsa n'kuibisa m'kambale kovundikira.

Msuzi ukakhala wamadzi, nthawi zambiri ndi tomato. Wa nthawi ya mvula amadula, amakhala wamadzi ndiponso wowawasa. Mukazingeni payekha ndi anyezi mpaka madzi ake atatha ndipo mafuta ayamba kuonekera m'mbali, kenako muthire msuzi wa nkhuku pang'onopang'ono. Katini kamodzi ka tomato wophwanyaphwanya kamaposa mulu wa tomato wosapsa. Akawawasa kwambiri, kashuga ka kunsonga ya supuni kamakonza.

Thobwa lokana

Fanta ndi Sobo zitha msanga, chimene chimasunga alendo tsiku lonse ndi thobwa. Nalonso lili ndi mavuto ake obwerezabwereza.

Lofala kwambiri ndi lakuti mwathira chimera koma phala silikusungunuka, likungokhala lolimba ndi losatsekemera. Mwathira phala likadali lotentha kwambiri. M'chimera muli mphamvu imene imasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mphamvu imeneyi imafa ikakumana ndi phala lobwata. Phala likazizira kwambirinso imagwira ntchito mwaulesi. Phulani phala, litakaseni kuti lipole, ndipo muyese ndi chala chotsuka: chikatha kukhalamo kanthawi kochepa musanachichotse, nthawi yakwana. Sungunulani chimera m'madzi owiritsa ozizira kuti chisachite mibulu, thirani mukutakasa. Ine ndimaika mbale imodzi ya chimera pa mbale zinayi za mgaiwa. Chimera chikakhala chabwino mumaona ndi maso phala likumasuka pa mphindi zochepa. Likapanda kumasuka, dikirani lipoleko n'kuthira china, silinaonongeke.

Chikakanabe, vuto ndi chimeracho. Cha mawere ndicho chimatsekemera ndi kununkhira kwambiri, cha mapira ndi cha chimanga zimagwiranso ntchito. Koma chimera chogonera chaka chimafooka, ndipo chofuna kuyanika mu Disembala chimachita chuku chifukwa dzuwa silikhalitsa. Konzani chanu mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala dzuwa likadali phwee, musunge pouma. Pogula nunkhizani. Chonunkha chinyontho kapena chooneka chuku chisiyeni, chuku cha pa mbewu ndi poizoni ndipo kuwiritsa sikuchichotsa.

Vuto lina ndi kusasa msanga. Mukathira chimera lisiyeni maola angapo kuti litsekemere, kenako liwiritseninso ndithu mpaka libwate, mukutakasa kuti lisapserere pansi. Ambiri amadumpha kuwiritsa kachiwiriku chifukwa chotopa, ndipo m'mawa amapeza lasasa kale. Likazizira lithireni mu ndowa kapena mtsuko wotsukidwa ndi madzi otentha. Ndowa imene munali thobwa lakale ikangotsukuluzidwa mwachisawawa imasasitsa latsopano usiku umodzi. Shuga musathire mu ndowa yonse, chifukwa amafulumizitsa kuwira. Thirani m'jagi imene mukupereka. Potungira pakhale kapu imodzi yokha yoyera, osati aliyense kumiza yake imene wamwera.

Ndi kutentha kwa nyengo ino, thobwa la pa 25 liphikidwe pa 24. La pa 23 limafika tsikulo litayamba ukali, ndipo pofika pa 26 limakhala lija amayi a mvano amalinunkhiza kaye asanamwe. La Nyuwere phikani lina.

Likalimba kwambiri n'kufuna kusungunula, gwiritsani madzi owiritsa okha. Iyi ndi nyengo ya kolera. Mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unakula kwambiri m'miyezi yomwe ino ya mvula. Madzi otsukira kabichi, tomato ndi anyezi wa kachumbali akhalenso owiritsa kapena othira kolorini, ndipo osamba m'manja athiriridwe ndi jagi m'malo mosambira m'beseni limodzi anthu makumi awiri.

Mkute

Pa 26 m'mawa zipatala zimalandira anthu otsegula m'mimba ndi osanza, ndipo kawirikawiri timanamizira mafuta kapena kudya kwambiri. Nthawi zina wolakwa ndi mpunga umene unagona mumphika. Mumpunga wouma mumakhala tizilombo tina timene sitifa pophika. Mpunga ukakhala wofunda maola ambiri timachulukana n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo satha ngakhale muutenthetse bwanji m'mawa. Chimphika chachikulu chovundikira chimasunga kufunda usiku wonse, ndiye ndicho choopsa kwambiri.

Anthu akangotha kudya, pakulani wotsala muuyale m'mbale zosaya kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji pasanathe maola awiri, ndipo udyedwe tsiku lotsatira utatenthetsedwa kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi. Ngati firiji palibe, kapena magetsi sakudalirika, musausunge. Gawirani anansi, patsirani agogo amene sanathe kubwera, ana adyenso madzulo omwewo. Ndi chifukwa chinanso chophikira miphika iwiri: wachiwiri mutha kuutereka pokhapokha mwaona kuti anthu achulukadi. Pa kilogalamu imodzi ine ndimawerengera akuluakulu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ngati palinso nsima kapena mbatata ya kachewere, ndipo sindinachepekedwepo.

Chomaliza ndi kuchuluka kwa mitundu ya zakudya. Chaka china ndinafuna mpunga, nsima, tchipisi, nkhuku, mbuzi, kabichi, mandasi ndi keke ya pambaula zonse tsiku limodzi, mbaula zili ziwiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: anthu anadya 4 koloko, ana atakhuta kale mango. Masiku ano mandasi ndi chigumu ndimapanga pa 24 pamodzi ndi thobwa. Pa 25 nkhuku imakwera pamoto 5 koloko m'mawa, kabichi ndimadula anthu ali kutchalitchi, ndipo mpunga ndimautereka ndikamva kwaya yayamba nyimbo yotulukira, kuti pofika iwo ukhale ukupuma pansi pa tsamba la nthochi.

Ku Dedza ndinabwererako patapita zaka ziwiri, nditanyamula masefuliya anga awiri pa minibasi ndi jagi yoyezera. Apongozi analawa osanena kanthu, kenako anaitana mdzukulu wawo kuti awabweretsere kambale kovundikira, akuti asungeko wa madzulo.